Kukonza m'kati mwa boti lakale la matanga: zolemba za nyengo yachisanu ku Essex, ku England

Okutobala, Loweruka lachiwiri

Lero boti lakwezedwa kumtunda. Kireni inalikola ndi malamba awiri, madzi ndi matope zikuchucha, n'kulikhazika pakonkire pakati pa maboti a anthu ena. Ambiri mwa maboti amenewo amafuna zitsulo zochirikiza kuti asagwere chammbali, koma langali langoima lokha pamiyendo yake iwiri ngati nkhuku yovumbwidwa.

Ndi Westerly Centaur ya 1974. M'litali ndi mamita 7.9, m'lifupi pafupifupi mamita 2.6, ndipo imalowa m'madzi osakwana mita imodzi. Anajambula pulani yake ndi Laurent Giles, ndipo kuchokera mu 1969 kufika mu 1980 anapanga maboti otere 2,444 ku Waterlooville, m'dera la Hampshire. N'chifukwa chake doko lililonse kuno ukalowa umapezamo limodzi kapena awiri, ena osamalidwa bwino, ena ndere zili biriwiri padenga. Miyendo ndikunenayi ndi ma keel awiri a chitsulo chosungunula, zipsepse zolemera za pansi pa boti zomwe zimaliteteza kuti lisagubuduke. Kuno ku mtsinje wa Blackwater madzi amaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo akaphwa pamatsala matope okhaokha mpaka kutali. Boti la keel imodzi limagona chammbali, la iwiri limakhala tsonga kudikira madzi.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene nyanja imakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka, osati wotchi. Amalume anga ndi mmisiri wa maboti a matabwa, ndipo ndili mwana ndinkawagwirira misomali akamakhoma. Zimenezi n'zomwe zinandinamiza kuti ntchito ya m'kati mwa boti ndiitha Khirisimasi isanafike.

Kunja botili ndi lokongola, mwini wake wakale ankalipukuta. Koma ukangotsegula chitseko cha kabini umakumana ndi fungo la chuku, dizilo ndi siponji yakale. Chikomekome cha mkuyu. Nsalu ya vinyl ya kudenga yalendewera ngati mimba ya ng'ombe, mwakuti pamalo pomwe munthu wa msinkhu wanga amayenera kuima chilili, ndikuyenda chowerama. Mayi akunyumba anasuzumira kamodzi, n'kutuluka, n'kunena kuti, "Bambo, ndalama zija mwagula khola la nkhunda?"

Zomwe ndalemba kuti ndichite: denga latsopano, makushoni atsopano, penti m'makabati, vanishi pamatabwa. Injini ya Volvo Penta ikulira bwino, sindiikhudza chaka chino.

Okutobala, kumapeto

Maloweruka atatu apita pa denga lokha, ndipo sindinamatepo chatsopano ngakhale chimodzi.

Maboti ambiri a zaka zimenezo ankawamata vinyl yokhala ndi siponji yopyapyala kumbuyo. Vinyl imakhala zaka ndi zaka osang'ambika, koma siponji ija ikakalamba imafumbutuka. Guluu amatsala kudenga, vinyl imagwa, pakati pamatsala ufa. Nditakoka nsalu yoyamba, ufa wakuda unangoti fuu, kumaso, m'khosi, m'malaya. Ukaugwira uli ngati gaga wonyowa ndi mafuta, ukauponda umamatirira kunsapato n'kukafika nawo m'galimoto. Tsiku loyamba ndinavala kamasiki ka pepala kaja tinkavala nthawi ya mliri, madzulo ndinkamina zakuda. Kuyambira tsiku lachiwiri ndikuvala ya FFP3 ndi magalasi otseka m'mbali, ndipo makina opopa fumbi akulira nthawi yonse.

Ntchito yeniyeni ndi guluu wakale. Wauma pa fibreglass (ulusi wa galasi woumitsidwa ndi utomoni, womwe anapangira thupi la botili), wofiirira, ndipo fibreglass ya m'kati si yosalala, ili ndi timaenje ndi timitunda. Chopalira chimangodumpha pamwamba. Chomwe chikugwira ntchito ndi burashi ya waya yomangirira ku drill, koma ukaithamangitsa guluu amatentha n'kusanduka phala lomata lomwe limatseka burashiyo. Ndiye pang'onopang'ono, manja ali m'mwamba, mphindi khumi kenako kupuma chifukwa mapewa akuyaka moto. Kumphuno kwa boti, komwe kuli bedi la makona atatu, ndimagwira chogona chagada, zinyalala zikugwera pamimba.

Agogo ena achingerezi omwe boti lawo layandikana ndi langa anandipeza ndatsegula chitini cha mankhwala osungunulira guluu, chitseko nditatseka chifukwa cha mphepo. Anandiuza kuti ndituluke kaye. Mpweya wa mankhwala amenewa ndi wolemera kuposa umene timapuma, umatsika n'kukadikha pansi penipeni pa boti, ndipo boti ndi beseni, mulibe khomo la pansi loti utulukire. Kamoto kakang'ono ka m'kati mwa drill n'kokwanira. Ndinatseka chitinicho ndipo sichinalowenso m'boti.

Mawotchi abwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lapitali. Tsopano 5 koloko isanakwane kuli mdima.

Novembala, sabata yachiwiri

Lero ndinapita kukayeza denga kuti ndigule zipangizo. Ndabwerako osayeza.

Kunagwa mvula ya mphepo usiku wonse ndipo ndinafika ikadagwabe. Popeza denga ndi zipupa zili pamtunda, kwa nthawi yoyamba ndinaona zomwe vinyl ija inkabisa. Pakona ya zenera lakumanzere, kamzere ka madzi kakutsika. Pa mabawuti a chogwirira cha padenga, dontho likukula, kugwa, lina n'kuyamba. Pomwe zingwe za mlongoti zimamangirira, pomweponso thapsa. Ndinazimitsa wailesi n'kukhala pansi, ndipo ndinkamva madontho m'malo atatu osiyana, lililonse ndi liwiro lake.

Vuto la madzi m'boti n'lakuti pomwe akudonthera sipomwe alowera. Amalowa pabawuti kutsogolo, n'kuyenda m'kamphako pansi pa denga, n'kukagwera pakhitchini mita imodzi ndi theka kumbuyo. Ndinagula paudala wa makanda, n'kumuwaza m'mashelefu ndi m'makabati monse, ndipo m'zipupa ndinalemba mizere ya choko. Madzi akadutsa amasiya njira yawo poyera ngati nkhono.

Njira imodzi inanditsogolera kutsinde kwa chipupa chachikulu cha pulayiwudi, chomwe chimalekanitsa chipinda chochezera ndi mbali ya kutsogolo. Chipupa chimenechi sichongotchinga maso ayi, chimathandiza kulimbitsa boti pafupi ndi pomwe mlongoti umakanikiza. Kumwamba ndi cholimba, ukagogoda chimayankha. Koma chapansi, kuseri kwa kabati, ndinakanikiza sikuludiraiva ndipo inangolowa ngati mu mbatata yophika. Nditaizula panatuluka timadzi takuda. Ndinakhala nthawi ndithu ndikungoyang'ana kabowoko.

Madzulo ndinawaimbira amalume pa WhatsApp n'kuwaonetsa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mphwanga, ukufuna kuyala mphasa m'nyumba yodontha? Folera kaye." Kenako anandifunsa kuti madzi apansiwo akuchokera kumwamba kapena kunyanja. Ndinawauza nzeru yomwe ndaiphunzira kuno: umaviika chala n'kulawa. Akakhala amchere, boti likulowa madzi pansi. Akakhala ozizira bwino, ndi mvula. Anati nzeru imeneyo kwathu ndi yopanda ntchito, chifukwa nyanja ndi mvula kukoma kwake n'kumodzi. Anga ndinalawa, ndi amvula, osakanikirana ndi dizilo pang'ono. Ndipo amvulawo ndiwo amawoletsa matabwa msanga kuposa amchere.

Za Khirisimasi zija ndafufuta. Palibe chatsopano chilowe muno mpaka paudala atakhala wouma mvula itagwa.

Novembala, kumapeto

Mazenera anayi akuluakulu atuluka ndipo atatu abwerera. Lililonse lili ndi felemu ya aluminiyamu kunja ndi ina m'kati, zogwirana ndi timasikuluwu tolowana tambirimbiri. Tina tinamasuka mwaulemu, tina tinachita kuboola chifukwa chitsulo ndi aluminiyamu zikakhala pamodzi m'chinyezi cha mchere zimadyana n'kusanduka ufa woyera. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina kunja wina m'kati. Mwana wanga wamkazi anagwira kunja Loweruka limodzi, zala zitauma ndi chisanu, ndipo wandiuza kuti, "Adadi, ngongole yanu ndi nsapato za mpira."

Wina m'mbuyomu anayesa kuletsa kudontha popaka silicone kuzungulira felemu kunja. Ndiyeno silicone pamwamba pa silicone, mwina chaka chilichonse. Sathandiza, amangobisa, komanso amasiya mafuta pomwe china chilichonse chimakana kumata. Kumuchotsa kunanditengera nthawi yaitali kuposa kuchotsa zenera lenilenilo.

Pobwezera ndagwiritsa ntchito tepi ya butyl. Ili ngati chingamu chotafunidwa, siuma mpaka kalekale, ndipo boti likamapindika pamafunde iyo imatsatira. Umaiyala pafelemu, umamanga masikuluwu pang'ono, umasiya, mawa lake umamanganso pang'ono, yotuluka m'mbali n'kuidula. Pa mabawuti a padenga ndinakulitsa pakamwa pa bowo lililonse kuti pakhale kambale, n'kukulunga butyl pakhosi pa bawuti kuti ikadzaze kambaleko. Pomanga umatembenuza nati pansi, bawuti osaizunguza, apo ayi imakoka butyl yonse. Mabawuti onse atsopano ndi a chitsulo cha stainless cha mtundu wa A4, womwe ena amati 316. A A2 ndi otchipa koma pamadzi amchere amalira misozi ya dzimbiri.

Disembala

Mwezi woipa. Ndalemba zochepa chifukwa ndachita zochepa, ndipo zina mwa zochepazo ndachita kawiri.

Pochotsa matabwa a pansi pa mipando ndinafika pomwe ma keel amamangirira. Aliyense wodziwa Centaur amakuuza kuti uyang'ane pamenepa, makamaka ngati boti lakhala m'matope akuya. Madzi akaphwa, miyendo ija imamira m'matope n'kutangadza, madzi akabwera boti limafuna kuyandama matope akukanirira. Kawiri patsiku, kwa zaka. Kumanja ndinapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi pomwe nthiti ya fibreglass imakumana ndi thupi la boti. Walira mvula walira matope: ndinafuna boti lokhala tsonga m'matope, ndi izi.

Apa sindinadzidalire. Ndinalipira katswiri woyeza maboti kuti adzaone. Anagogoda ndi kahamala, anayeza chinyezi, ndipo anati mabawuti ali bwino, thupi la boti silinang'aluke, koma nthiti ziwiri zilimbitsidwe. Ndalama imeneyo inapweteka potuluka, koma usiku umenewo ndinagona.

Ndinapala malowo ndi grinder mpaka kufika pa fibreglass yoyera, ndinatsuka, n'kuyala nsalu ya galasi ndi epoxy, utomoni womata womwe umauma ukausakaniza ndi choumitsa. Epoxy ndiye amagwira bwino pa fibreglass yakale kuposa utomoni wa polyester watsopano. Amene ndikugwiritsa ntchito amasakanizidwa magawo 5 a utomoni ku gawo limodzi la choumitsa. Ulendo woyamba mapampu oyezera anali atalimba ndi kuzizira, ndiye ndinangoyerekeza ndi maso ngati ndikuthira mchere m'ndiwo. M'boti munali madigiri 3. Patapita masiku anayi ndinabwera, ndinakanikiza chala, chinasiya chidindo. Noninoni. Epoxy wosauma sungamuumitse pomupempha, umachita kumupala yense, ndipo kupala phala lomata uli chogwada m'kabati yaing'ono ngati bokosi la sopo ndi chilango chomwe sindingafunire munthu.

Ulendo wachiwiri zitini zinagona m'nyumba pafupi ndi chotenthetsera, ndinayeza pasikelo ya kukhitchini, ndipo malowo ndinawafunditsa ndi kahita ka magetsi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Wauma gwa. Pamwamba panatuluka kautsiutsi konga phula, komwe umatsuka ndi madzi wamba usanapale ndi sandipepa. Ndaphunziranso kuti wotsala m'kapu amatentha yekha. Kapu yanga ya pulasitiki inapindika n'kuyamba kufuka, ndinaitaya panja pakonkire.

Dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane. Ndikachoka ku shifiti ya usiku n'kugona pang'ono, kuwala kumakhala kwatsala maola awiri. Masabata awiri omaliza sindinapiteko n'komwe.

Januwale

Tsopano ntchito ya ukalipentala, yomwe ndinkaiyembekezera kuyambira pachiyambi.

Chowola cha pachipupa chija ndinachidula mpaka kufika pa thabwa louma, kenako n'kupitirira masentimita khumi, chifukwa kuwola kumayenda m'kati mwa pulayiwudi patsogolo pa pomwe maso akuona. Ndinagula pulayiwudi wa maboti wa mamilimita 12, wa chidindo cha BS 1088. Kusiyana kwake ndi wamba umakuona m'mphepete: timapepala ta thabwa ndi tofanana makulidwe, mulibe mphako, ndipo guluu wake salekana m'madzi. Mtengo wake ndi okoume, wochokera ku Gabon ndi maiko oyandikana nawo. Ndinaseka ndekha m'sitolo muja: mtengo wa ku Africa, munthu wa ku Africa, takumana ku Colchester ndipo wina wake pakati apa walemera.

Polumikiza chakale ndi chatsopano sindinangogunditsa mitu. Ndinasenga mbali zonse mopendekera, kutalika kwa msengowo kasanu n'katatu makulidwe a thabwa, ndiye mamilimita 96 pa thabwa la 12. Puleni ikamadya, timapepala ta pulayiwudi timaoneka ngati mizere ya mbidzi, ndipo mizereyo ikakhala yowongoka ndi yotalikirana mofanana umadziwa kuti msengo uli bwino. Amalume sanagwiritsepo pulayiwudi wotere koma msengo umenewu ndi womwewo ankapanga polumikiza matabwa a m'mbali mwa boti, ndipo manja anga anaukumbukira mutu usanaukumbukire. M'mphepete monse ndapaka epoxy katatu, chifukwa pulayiwudi amamwera madzi m'mphepete.

Chomwe sindinakonzekere ndi ichi: m'boti mulibe chowongoka. Levulo yanga ndi yachabe, chifukwa botilo lakhala pakonkire yopendekera ndipo pamadzi lidzakhala mwina. Sikweya nayo ndi yachabe. Kumanzere ndi kumanja, zomwe ndi maso zimaoneka mapasa, zimasiyana ndi chala chathunthu. Thabwa loyamba la shelefu ndinaliyeza ndi tepi mosamala, ndinadula, ndinapita nalo, linakana. Ndinasenga, linakanabe, mpaka linachepa. Tsopano chilichonse chimayamba ndi katoni. Ndimatola makatoni kuseri kwa sitolo ya zakudya, ndimadula timizere, n'kumatilumikiza ndi guluu wotentha mpaka titatsata mphindikiro wa thupi la boti. Katoni ikalowa bwino ndiye ndimajambula pa pulayiwudi wotchipa, ameneyo akalowa ndiye ndimakhudza wodula uja.

Zokongoletsa za m'mphepete mwa mashelefu ndapanga ndi sapele, wofiira ngati mbawa yathu, ndipotu ndi apachibale. Ndikumupala ndinkakumbukira fungo la mlombwa pamalo ogwirira ntchito a amalume, ndi nkhani zawo za masiku omwe maboti a pa nyanja yathu ankakhomedwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, womwe suwola wamba ndipo chiswe chimaukana. Lero mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Maboti anadyako nawo.

Kwagwa mvula yamphamvu kawiri mwezi uno. Paudala ndi wouma paliponse kupatula pansi pa kabowo kolowetsa mpweya kutsogolo. Ndakachotsa, ndakamatanso.

Febuluwale

Zonse zomwe zidzabisike kuseri kwa denga ziyenera kutha tsopano.

Mawaya akale ndinawazula onse. Ena anali a m'nyumba wamba, olumikizidwa popotokola ndi kukulunga tepi, ndipo ukasenda mkuwa wake uli bii mpaka m'kati. Ena sankapita kulikonse, ankangothera m'malere kuseri kwa kabati. Atsopano ndi a mkuwa wokutidwa ndi tin, aliyense ndi fyuzi yake, ndipo ndalemba dzina kumapeto onse awiri. Mababu akale a mawati 10 ankakoka pafupifupi ma amp 0.8 lililonse pa batire ya mavoti 12. A LED omwe ndaika, onse asanu pamodzi sakufika pa babu limodzi lakale. Ndasiyanso chingwe chopanda ntchito m'njira ya mawaya kuti tsiku lina ndidzakokere waya wina osagwetsa denga.

Gasi ndamusiyira wodziwa. Paipi ya labala ya kusitovu inali yolimba ngati fupa ndi yong'aluka. Gasi wophikira naye amatsika pansi ngati mankhwala aja, n'chifukwa chake botolo limakhala m'bokosi lakelake lokhala ndi kabowo kotayira kunja kwa boti. Langa kabowoko kanali katatsekeka ndi masamba. Ndaika ma alamu awiri, ya gasi pansi, ya carbon monoxide pafupi ndi pogona.

Mipopi ya pansi pa boti ya kuchimbudzi, yolowetsa ndi kutulutsa madzi, ndi ya mtundu wa Blakes, ya bronze. Inali italimba koma nditaimasula, kuipera ndi phala lopalira ndi kuipaka girizi, ikutembenuka ndi zala ziwiri. Wa pasinki unali wina, wachikasu, ndipo nditaupala unaonetsa mawanga ofiirira ngati nyama ya nsomba. Ndiye kuti ndi brass yomwe zinc yake yadyedwa ndi madzi amchere, imaoneka yamoyo koma ingathe kuthyoka ngati bisiketi. Wasinthidwa.

Malichi

Denga, miyezi isanu kuchokera pomwe ndinati ndiliyamba.

Sindinafune kumatanso vinyl ya siponji mwachindunji, kuti mwana wanga adzapume fumbi lomwe ndapuma ine. Komanso nditaona momwe mabawuti a padenga amadonthera, ndikufuna kuti ndiziwafikira popanda kung'amba kanthu. Ndiye ndamata timitanda ta matabwa kudenga ndi epoxy wokhuthala, pakati pake ndayala siponji yosamwa madzi ya mamilimita 10, ndipo pansi pake pakubwera mapanelo a pulayiwudi wa mamilimita 4, okutidwa ndi vinyl yoyera, omangidwa ndi masikuluwu. Kukuta mapanelo ndachitira kunyumba m'galaja, chitseko chili pululu, chifukwa guluu wake safuna kuzizira ndipo fungo lake silifunika m'boti.

Siponjiyo ndi ya thukuta. M'mawa wachisanu fibreglass yopanda chofunda imachita mame m'kati, ndipo munthu ukagonamo mpweya wako womwe umasanduka madontho kudenga. Mu Januwale ndinatsala pang'ono kuchotsanso zenera lomwe ndinali nditamata bwinobwino, kuganiza kuti likudontha, chonsecho ndi ketulo yanga ya tiyi.

Timitanda kuti tigwire pomwe epoxy akuuma, ndinatichirikiza ndi nsungwi za kumunda, zopindika kuchokera pansi mpaka kudenga. M'kabini munali ngati munda wa tomato. Agogo aja anasuzumira n'kujambula chithunzi.

Tsopano ndiulule. Panelo lachitatu, dzanja lina likugwira panelo, mutu ukuthandizira, dzanja lina likufufuza m'chitini. Ndinatola sikuluwu, ndinamanga, inalimba pang'ono kenako n'kupepuka. Mtima unangoti myuu. Ndinatuluka, ndinakwera padenga, ndipo pakati pa penti yoyera panali kansonga konyezimira, katatuluka ngati dzino la mwana. Sikuluwu ya mamilimita 25 inali itasochera m'chitini cha a 12. Munthu amene watha nyengo yonse yachisanu kutseka mabowo a anthu ena, waboola lake.

Ndinaizula, ndinakulitsa bowolo pang'ono, ndinalidzaza epoxy, pamwamba n'kutsekera ndi gelcoat, utoto wolimba wa kunja kwa fibreglass, yemwe mtundu wake sunafanane kwenikweni ndi wakale. Aliyense sangaone. Ine ndimapaona ndili pamakwerero. Tsopano m'boti mumalowa chitini chimodzi chokha cha masikuluwu pa tsiku, ndipo pa kachitsulo koboolera ndimakulunga tepi posonyeza pothera.

Mapanelo asanu ndi anayi alowa, ndipo mizere yolumikizira ndaibisa ndi timatabwa ta sapele. Ndaima chilili pakati pa kabini kwa nthawi yoyamba.

Epulo, sabata yachitatu

Mayi akunyumba, omwe anati ndagula khola la nkhunda, ndi amene asoka makushoni. Siponji yatsopano tinaidula ndi mpeni wamagetsi wodulira buledi, potsata makatoni anga aja, m'mbali mopendekera kuti itsamire thupi la boti. Nsalu ndi ya acrylic yabuluu, mazipi ndi a pulasitiki chifukwa achitsulo amagwirana ndi mchere. Pansi pa matiresi tayala ukonde wokhuthala kuti mpweya uzidutsa. Tinakangana pa chitenje. Iwo ankafuna kukuta mipando yonse ndi chitenje chomwe anabwera nacho kuchokera ku Limbe, ine ndinati thonje m'boti limachita chuku ndipo dzuwa limalidya. Tagwirizana kuti chikhale makatani, oti tizichotsa n'kukachapa. Atawapachika, kuwala kwa m'kabini kunasanduka kwachikasu ndi kofiira, ndipo ndinavomera kuti pamenepa anali ndi mfundo.

M'makabati ndapaka penti yoyera yolimba, kuti dontho lililonse lidzaonekere msanga. Vanishi ndapaka kasanu pomwe ndinkafuna kasanu n'kawiri. Woyamba ndinamusungunula kuti alowe m'thabwa, enawo ndikupala pang'ono pakati. Wachinayi ndinapaka madzulo, chinyezi cha usiku chinamugwera, m'mawa anali mbuu ngati maso a nsomba yogona. Anapalidwa.

Chigamba cha pachipupa chikuoneka, chatsopano ndi chowala kuposa chakale. Ndinaganiza zochidetsa koma ndachisiya.

Meyi, Loweruka loyamba

Boti labwerera m'madzi masana, madzi atadzaza. Lisanamasulidwe m'malamba ndinalowa ndi tochi, ndinagwada pa mpopi uliwonse ndi pa mabawuti a ma keel, ndikupititsa pepala la kuchimbudzi pansi pake. Louma. Ndinakweza chala kwa woyendetsa kireni.

Tinagona pa nangula pafupi ndi chilumba cha Osea, atatu tonse. Nsima inaphikidwa pasitovu ya m'boti, mphika utagwidwa ndi timikono tachitsulo, ndiwo zake mackerel wa m'chitini, zomwe amalume atamva anati ndi chipongwe kwa munthu wobadwira kwa chambo. Usiku kunawaza mvula. Ndinadzuka cha m'ma 3 koloko, ndinayenda ndi tochi chopanda nsapato, ndikugwira m'makona a mazenera ndi pansi pa mashelefu. Mayi akunyumba anati, "Bambo, gonani, boti silikumira."

Shelefu ya pakhitchini, yomwe ndinaiyeza ndi maso pakonkire paja, pamadzi yapendekera kutsogolo pang'ono, ndipo supuni zonse zikusonkhana pakona imodzi. Chitseko cha kuchimbudzi, chomwe kumtunda chinkatsekeka bwino, tsopano chikukhula pamwamba chifukwa zingwe za mlongoti zamangidwa ndipo boti lasintha kakhalidwe. Bedi lakumbuyo kumanja sindinaliyambe, mukadali guluu wakale ndi ufa wakuda uja. Ndipo m'kabati ya pansi pa sinki, paudala ali ndi kanjira kamodzi kopyapyala kochokera chakumbuyo. Ndalawa, ndi amvula. Ndikuganizira chitsulo cha mpanda wa padenga chachitatu kuchokera kumbuyo, chomwe mu Novembala ndinachidumpha chifukwa nati yake inali kosafikika. Loweruka likubwerali ndipita ndi sipanala ya 13 ndi mwana uja kuti akagwire kunja, ngati nsapato zake zikhale zitafika.